Chomwe Chinazimitsa Dona pa Njanji

Nkhaniyi ndinaimva kwa Sajenti mwini wake, mayi wojintcha wa mawu apansipansi, tili pa benchi kudikira basi yomwe inkangolonjezedwa osafika. Anati pa milandu yonse imene anagwirapo, palibe unamuzunguza mutu ngati uwu, chifukwa mboni yaikulu inali galimoto, ndipo galimotoyo inkanama.

Zinayamba m'mawa wina pamene pa polisi panafika mkulu wa imvi, nsapato zili waliwali koma thalauza litang'ambika pa bondo. Anthu ankamutchula aTayi, poti ngakhale popita kukataya zinyalala ankayamba wamanga tayi pakhosi.

"Ndabwera kudzanena za kuphedwa kwanga," anatero aTayi, akuyang'ana khoma la kumbuyo kwa Sajenti.

"Kuphedwa kwa ndani, bambo?"

"Kwanga. Mwagontha kodi?"

"Koma ndikuona ngati muli moyo."

"Kumeneko ndi kulephera kwa iyeyo, osati kwa ine. Lembani: mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga, makaniko uja mumamuti Sipanala, dzulo anafuna kundigunditsa sitima ine ndi Dona."

"Dona ndi akazi anu?"

"Akazi anga ali kunyumba. Dona ndi galimoto."

Sajenti anaika cholembera pansi n'kuchitolanso. ATayi anafotokoza kuti Dona anamugula tsitsi lawo lili bii, ndipo kufikira lero palibe wina anakhalapo pa chiwongolero chake. Sinali ngati magalimoto ena a nthawi imeneyo a kabyuleta ayi. Iyi mafuta inkachita kubayidwa m'injini ndi majekitala, ngati jakisoni wa kuchipatala. Masiku apitawo inayamba kumazima yokha pa msewu, ndiye anaipereka ku galaja ya mkamwiniyo. Dzulo m'mawa mkamwini anawaitana kuti akaitenge, akuti yachira. Masana ake inakazimira pakati penipeni pa njanji, sitima ikubwera. Anthu a m'mbali mwa msewu ndiwo anaikankha, sitima n'kungopalako bampala ya kumbuyo. Thalauzalo linang'ambika pomwe ankawakoka m'galimotomo, iwo akukana kutuluka.

"Panalibe chenjezo lililonse pa njanjipo?" anafunsa Sajenti.

"Ngakhale pang'ono. Mlonda wa pamenepo ndi chidakwa."

"Nanga mkamwini wanu angafune kukuphani chifukwa chiyani?"

"Akufuna Dona! Amamuyang'ana ngati mmene mphaka amayang'anira mkaka. Ndipo si lero wayamba. Anayamba ndi kundibera petulo m'thanki."

"Munamugwirapo?"

"Sindinafunike kumugwira. Zimenezo ndinathana nazo ndekha."

"Munathana nazo bwanji?"

"Inu lembani za sitima, mayi. Za petulo zinatha."

Bwana wa pa polisipo anali mnzawo wa aTayi wa kalekale. Dzuwa lisanafike pamutu, Sipanala anali ali m'chitolokosi, ndipo Bwana anauza Sajenti kuti mawa m'mawa munthuyo apite ku khoti pa mlandu wofuna kupha. Mlandu wotere ulibe belo yapafupi. Galaja ikanatsekedwa, ndipo mkazi wa Sipanala, yemwe anali atakhala pa khonde la polisi ndi mimba yake yaikulu, akanabereka mwamuna ali m'ndende pa mawu a bambo ake omubala.

* * *

Sipanala anali munthu wamfupi, zikhadabo zakuda ndi girisi. Sajenti atangolowa, iye anadzambatuka n'kuyamba kuyankhula ngati wailesi.

"Amayi, mwaiona? Ili kuti? Musaisiye padzuwa, penti yake ndi yakale."

"Bambo, mukudziwa kuti mawa mukupita ku khoti?"

"Ndikudziwa, koma ndiuzeni kaye, inazima bwanji? Inayamba yatsokomola, kapena inangoti zii?"

"Ofunsa ndine. Munaichita chiyani galimotoyo?"

"Chimene sindinaichite n'chiyani? Tamverani. Injini imafuna zinthu zitatu basi: moto, mpweya, mafuta. Ikazima, ndiye kuti chimodzi chasowa. Ndinayamba ndi moto. Mapulagi ndinasintha, koyilo ndinasintha, mawaya ndinawatsata umodziumodzi ngati ndikusaka nsabwe. Moto ulipo. Ndinapita ku mpweya. Sefa ndinatsuka, mapaipi onse ndinawapaka thovu la sopo kuti ndione ngati pena pakuba mpweya. Palibe. Ndiye mafuta. Fyuluta yatsopano. Majekitala ndinawachotsa n'kuwatsuka, akupopera bwinobwino ngati mvula yowaza. Pampu ya mafuta ndinaika khutu, ikung'ung'udza mwaulemu. Mafyuzi onse ndi amoyo."

"Ndiye inachira?"

"M'galaja simadwala n'komwe! Ndinaisiya ikulira kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya chakudya, osatsokomola ngakhale kamodzi. Koma ikalowa msewu waukulu n'kuyenda kamtunda, imayamba kufooka, kenako kutsamwa, kenako zii. Mukaisiya ipume, imalira ngati palibe chachitika. Ndinati mwina ndi kutentha. Ndinathira madzi ozizira pa koyilo, osasintha. Amayi, ine ndakonza magalimoto chiyambire ndilibe ndevu, koma iyi yandipusitsa."

"Nanga munawauziranji apongozi anu kuti yachira?"

Sipanala anagwetsa nkhope. "Ndinati ndikuganiza kuti yachira. Mawu akuti ndikuganiza sanawamve. Apongozi amamva zomwe akufuna."

"Akuti munkawabera petulo."

"Ine? Kagalimoto kanga ndi ka dizilo! Petuloyo ndizimwa? Komatu ine ndi amene ndinkavutika naye. Kale Dona sankazima chonchi ayi, ankangotha mafuta. Apongozi athira lero, mawa lake andiimbira ali pa ngodya ya kwawo pomwepo, akuti thanki yauma, ndibwere ndi kachigubu. Ndinafufuza ngati ikudontha, osapeza dontho. Mwadzidzidzi kutha mafuta kunaleka, kuzima n'kuyamba."

"Matenda awiri?"

"Kapena amodzi ovala malaya awiri, kaya. Ndipo pali china chomwe chikundisowetsa tulo. Nditalowa kunsi kwake ndinapeza thanki itafwapikira m'kati, ngati yamenyedwa. Koma palibe pokalika, ngakhale dothi lake silinachoke. Mwala sumenya mwaulemu choncho. Nditawafunsa apongozi anati wamenya ndiwe."

Sajenti anatuluka ali ndi tsamba lodzaza ndi mapulagi ndi majekitala, osamvetsa ngakhale chimodzi. Pa khonde, mkazi wa Sipanala anamugwira mkono.

"Amayi, ndiuzeni ndiime mbali iti. Uku bambo anga, uku bambo a mwana uyu."

Sajenti anamusisita paphewa n'kunyamuka ulendo wa ku njanji.

* * *

Mlonda wa pa njanji anali atagonthako ndi phokoso la masitima, ndiye ankayankhula ngati munthu ali kutsidya kwa mtsinje.

"CHIDAKWA? NDANI? INE NDINASIYA MOWA MKAZI WANGA ATANDIMENYA NDI MPANDO!"

"Tsitsani mawu, bambo. Mtengo wotsekera msewu uli kuti?"

"UNATHYOKA! Lole inauomba. Ndiye ndimagwiritsa iyi." Anasolola mbendera yofiira m'thumba la jekete n'kuikupiza pamphuno pa Sajenti. "Dzulo ndinaima pakati pa msewu apa, ndikukupiza chonchi. Magalimoto onse anaima. Koma ya mkulu wa tayi uja inangobwera, ikutsokomola kuchokera kumtunda uko, khoo khoo, osachepetsa n'komwe. Ndinachita kudumphira kumbali! Itangokwera njanji, zii."

"Iwo akuti panalibe mbendera."

"PANALIBE? Nanga iyi ndi bulangeti? Funsani amayi awo."

Mayi wogulitsa nthochi pambali pa msewu anagwedeza mutu movomereza. "Anakupiza mpaka chipewa chinagwa. Akuluwo anangodutsa ngati akudutsa mtengo."

"Akanaima pomwe ndinawaimika," anapitiriza mlonda, "ikanazimira kuno, kutali ndi njanji, bwenzi palibe nkhani. Ndipo mukudziwa chinandipweteka? Titaikankha, thukuta lili kamukamu, inakhala pansi pa mtengo uwo kwa kanthawi. Mkuluyo anangopotokola kiyi kamodzi, iyo vuuu! Ngati imatiseka."

Sajenti anabwerera ku polisi mutu ukulemera. Ngati Sipanala anatchera galimoto kuti izime, anadziwa bwanji kuti izimira pa njanji, pa nthawi ya sitima? Ngati mlonda akunena zoona, munthu wosamala ngati aTayi angadutse bwanji mbendera yofiira? Wina ankanama, koma aliyense ankaoneka kuti akukhulupirira zonena zake.

* * *

Dona anali pa bwalo la polisi ngati umboni: wautali, wobiriwira, zitsulo zake zonyezimira ngati masupuni a alendo. Sajenti anatenga makiyi ku ofesi n'kuitana aDalaiva, mkulu woyendetsa galimoto ya polisi, munthu wosakonda kuchoka pamthunzi.

ADalaiva anapotokola kiyi. Injini inalira nthawi yomweyo, mosalala ngati mphaka wokhuta.

Bwana anasuzumira pa windo. "Mwaona? Galimoto ilibe vuto. Anachita kuitchera tsiku limenelo. Tsekani fayilo, Sajenti."

"Tikangoizunguza pang'ono, bwana."

Analowa msewu waukulu. Dona ankayenda ngati akuyandama, moti aDalaiva anayamba kuimba mluzu. Anadutsa msika, anadutsa sukulu, anakwera chitunda. Kenako mluzu unaleka.

"Yayamba kulemera," anatero aDalaiva. Anaponda mafuta, galimoto inachita ngati ikuganizira kaye. Inatsokomola kawiri, inanjenjemera, n'kuti zii.

"Mafuta atha?"

"Muvi wosonyeza mafuta ukuti thanki ili pafupi kudzaza." Anapotokola kiyi. Sitata inazungulira, injini osagwira. Anatsegula boneti, onse awiri n'kuima akuyang'ana mapaipi ndi mawaya ngati anthu oonera maliro a mlendo.

"Mukuona chiyani, aDalaiva?"

"Ndikuona injini."

Mwamwayi msewu unali wotsetsereka, ndipo kumunsi kwake kunali malo omwetsera mafuta. Sajenti anakankha, yunifolomu ikumata pamsana, mpaka Dona anakaima pambali pa pampu. Wothira mafuta anali mayi wochepa thupi wa pakamwa posatseka.

"Iii, Dona! Lero wabwera ndi apolisi? Walakwanji mtsikana wa aTayi? Kapena mwamumanga chifukwa cha kukongola?"

"Mumaidziwa?"

"Ndani saidziwa? Tithire wochuluka bwanji?"

"Sitikudziwa ngati ndi mafuta," anatero aDalaiva. "Mwina muvi ukunama. Tasuzumiranimo."

"Ndipatseni kakiyi kakang'onoko, ndipo imani patali, amafuna kupuma kaye."

Sajenti anali asanakaone n'komwe kakiyiko, katsopano pakati pa makiyi akale. Mayiyo anatsegula kachitseko ka m'mbali mwa galimoto. M'kati munali chitsekerero chakuda cha loko. Atangochipotokola, kunamveka *fyuuuuu*, mpweya ukuthamangira m'thanki, kenako kunsi kwa galimoto kunati *gubu!* ADalaiva anadumpha.

"Chaphulika chiyani?"

"Palibe, ndi mmene amaperekera moni masiku ano," anaseka mayiyo. Anasuzumira. "Petulo ali tho. Mwangondivutitsa."

ADalaiva anapotokola kiyi mosayembekezera kanthu. Dona analira.

Sajenti anakhala pa kampanda ka simenti. "Chemwali, mwati masiku ano. Kale sinkatero?"

"Ayi. Zinayamba chisinthireni chitsekerero. Chakale chinali chasiliva, chopanda kiyi, chili ndi kabowo kakang'ono pakati ngati ka singano. Ichi n'chachilendo, kaya anachitola kuti, chimagwira ngati chamatidwa."

"Anasintha ndani?"

"Kaya. Ine aTayi amangondipatsa kakiyi n'kuima pompo kundilondera. Kulondera kwake komanso! Manambala a pa pampu amati ndiwawerengere mokweza, akuti akufuna aone ngati ndine wachilungamo. Tsiku lina anapereka moni kwa pampu iyo, muli bwanji mwanangu, ine ndili kuseri kuno. Ndinayankha ndili konkuno kuti asachite manyazi."

Sajenti sanaseke. Maganizo ake anali atapita kutali, ku botolo la mkaka la mwana wake woyamba. Ukamanga kwambiri chivundikiro, mwana ankayamwa, kuyamwa, mpaka nsonga ya botolo inkafwapikira m'kati, mkaka n'kuleka kutuluka botolo lili lodzaza. Mwana kulira, iwe osadziwa chavuta. Ukamasula pang'ono, *fyuu*, mpweya walowa, mkaka wayambanso.

"ADalaiva, musachimange chitsekererocho. Chisiyeni cholendewera. Tiyeni tibwerere kumene tachoka, tipitirirenso."

Anayenda mpaka nyumba zinatha, minda n'kuyamba. Anakwera zitunda, anadutsa njanji ija mlonda akukupiza mbendera mowalonjera. Dona sanatsokomole ngakhale kamodzi.

Atafotokozera Bwana, iye anangokweza mapewa. "Chabwino, thanki imasowa mpweya, pampu imalephera kukoka. Ndiye amene angadziwe chinyengo chotere ndani, ngati si makaniko? Mwandipezera umboni, Sajenti. Anaika chitsekererocho ndi iyeyo."

Sajenti anaima kukamwa kuli yasa. Anapita kukamasula munthu, n'kubwera atamumanga kawiri.

* * *

Nyumba ya aTayi inali ya mpanda wa maluwa odulidwa mofanana. Pambali pake panali kashedi ka Dona, pansi pake posesedwa kuposa pabalaza. ATayi anali pa mpando wa ndalema, nyuzipepala ili pamwendo yosatsegula. Akazi awo, mayi wowonda wa mpango kumutu, analandira Sajenti ndi manja awiri n'kubwerera kukhitchini osanena zambiri. Pafupi ndi chitseko panali kachikwama komangamanga, ngati ka munthu wa pa ulendo.

Sajenti anaika kakiyi kaja m'dzanja la aTayi. "Bambo, kakiyi aka n'ka chiyani?"

Anakapapasa ndi chala n'kumwetulira. "Aka ndiye kanathetsa umbava. Ndinakuuzani kuti ndinathana nazo ndekha."

"Chitsekererocho anakuikirani ndi mkamwini wanu?"

"Iyeyo? Ndingapatse wakuba loko kuti andiikire? Ndinachigula ndekha kwa ogulitsa zitsulo zakale, cha lole, cholimba. Ndinaika ndekha, sindinauze munthu, ngakhale mayi a m'nyumba muno. Kuyambira tsiku limenelo petulo sanasowenso ngakhale dontho."

"Ndipo kuyambira tsiku limenelo Dona anayamba kuzima."

Sajenti anawafotokozera za kabowo ka singano, za thanki yofwapikira, ndi za botolo la mwana. ATayi anamvetsera nsagwada zitalimba.

"Mukufuna kunena kuti ndinamutsamwitsa ndine?"

"Ndikunena kuti mkamwini wanu sanadziwe n'komwe kuti chitsekerero chinasintha."

"Kaya. Koma wakuba ndi wakuba. Akanapanda kundibera, ine ndikanagula loko? Mutulutseni pa mlandu wa sitima, mum'tsekere pa mlandu wa petulo. M'nyumba muno asadzapondemonso."

Sajenti anaona kuti akungozungulira pamodzimodzi. Anapempha madzi osamba m'manja, poti anali akununkha mafuta, ndipo Mayi anamutengera kuseri kwa nyumba. Akusamba, anazindikira kuti fungolo silikuchokera m'manja mwake mokha. Linkachokera ku kanyumba kosungira makasu, komwe chitseko chake chinali chomangidwa ndi waya.

"Mayi, muli chiyani umo?"

Mayiwo anapita okha n'kumasula wayayo.

Kuseri kwa makasu ndi wilibala kunali zigubu, zoimikidwa mwadongosolo m'mbali mwa khoma. Sajenti ananyamula chimodzi: cholemera. China: cholemera. Pa msomali panali kapaipi kokulungidwa bwino.

"Mumagulitsa?"

"Taonani fumbi lake, mwanangu. Wogulitsa amasunga katundu mpaka akangaude kumangapo nyumba?"

"Nanga n'chifukwa chiyani?"

"Mwakhala nawo m'mawa, mwakhala nawo pano. Mwawayang'ana m'maso?"

Sajenti anakumbukira khoma lomwe aTayi ankaliyankhula ku ofesi, nyuzipepala yosatsegula, moni wa kwa pampu, mbendera yofiira. Anakhala pa wilibala.

"Ng'ala," anatero Mayi. "Maso onse awiri. Akuona ngati munthu ali mu utsi. Ndinawauza kuti tipite ku chipatala, anati maso awo ndi akuthwa kuposa lilime langa. Ndinati asiye kuyendetsa, sanandiyankhule mpaka mwezi unatha. Anandilumbiritsa kuti ndisauze ana. Makiyi amagona nawo pansi pa pilo. Ndiye ndikanatani? Akagona masana, ine ndinkapopa petulo m'thanki ndi kapaipiko. Ndinkawasiyira wokwanira kukafika pa golosale ndi kubwerako, misewu yomwe Dona amaidziwa yekha. Ku msewu waukulu ndiye ayi. Ndinamwa petulo ine, mwanangu, pa ukalamba uno, mpaka chakudya chinkamveka galaja."

"Ataika loko munatani?"

"Ndinangopemphera. Chitsekerero chakale chija anataya m'dzala, ine ndinatola."

"Koma Mayi, mkamwini wanu ali m'chitolokosi chifukwa cha zimenezi. Munangokhala chete?"

"Mwachiona chikwama pakhomo paja? Ndimadikira agone, ndibwere kwanuko ndidzadzipereke. Ine ndimayesa kuti kapaipi kanga kanalowetsa zinyalala m'thanki, kuti amene ndinawaika pa njanji ndine." Anamugwira Sajenti dzanja. "Ndiye mukuti si ine?"

"Si inu."

"Nanga ndani?"

Sajenti anaisinkha nkhani yonseyo mumtima. Wakuba sanabe kanthu, woberedwa ndiye anawononga galimoto, ndipo amene anali m'chitolokosi ndi yekhayo amene ankayesa kuikonza.

"Tengani chikwamacho," anatero pomaliza. "Muikemo chitsekerero chakale chija basi. Zovala musiye."

* * *

Dzuwa litapendeka, onse anali pa bwalo la polisi pambali pa Dona. Sipanala anatuluka akumanga lamba, ndipo atamva za chitsekerero anagwira mutu ndi manja onse.

"Kabowo! Ndinaphwasula injini yonse chifukwa cha kabowo! Apongozi, bwanji osandiuza?"

"Ndikadali ndi funso," anatero aTayi, osamuyankha. "Petulo wanga anapita kuti?"

"Ali kwanu, bambo," anatero Sajenti. "Yense. Kuseri kwa makasu."

"Anamuika ndani kumeneko?"

"Ndine, bambo a mwana," anatero Mayi.

ATayi anatembenukira komwe kunachokera mawuwo. Bwana anayamba kusuntha pang'onopang'ono kubwerera ku ofesi yake.

"Funso lomaliza, bambo, kuti nditseke fayilo," anatero Sajenti, ataima patsogolo pawo mtunda wosaposa kutalika kwa galimotoyo. "Mukunenetsa kuti pa njanji panalibe mbendera?"

"Ndanena kale. Ikanakhalapo ndikanaiona."

Palibe anayankha. Mwana wawo anagwira pakamwa n'kuyamba kulira mwakachetechete.

"Mwangoti zii bwanji nonsenu?" anafunsa aTayi. "Mwanawe, ukuliranji?"

"Ababa," anatero mwanayo, "aSajentiwa akukupiza mpango wofiira chiyambire kukufunsani."

ATayi anatong'ola maso, kuyang'ana uku ndi uku. Sajenti anatsitsa dzanja n'kubweza mpangowo kwa Mayi, omwe anali ataima mutu uli pamtunda, imvi zili poyera. Mkuluyo anakweza dzanja n'kukonza tayi yemwe anali wowongoka kale. Dzanja lina linkasisita denga la Dona.

Kenako anapisa m'thumba, n'kutulutsa makiyi omwe Sajenti anali atawabwezera.

"Mkamwini," anatero ndi mawu okhuthala. "Gwira."

Dzanja lawo linaloza pomwe panalibe munthu, pakati pa aDalaiva ndi mtengo wa mbendera ya polisi. Sipanala anali mbali inayo. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana apongozi ake aakazi, kenako anayenda monyang'ama kuzungulira kumbuyo kwa galimoto, osaponda mwamphamvu, mpaka anakaima pomwe dzanjalo linaloza. Analandira makiyiwo ndi manja awiri, atawerama.

"Ndalandira, apongozi."

"Uchotse chitsekerero cha lolecho. Ndipo giya yachiwiri safuna kukakamizidwa."

"Ndamva, apongozi."

Mayi anatulutsa chitsekerero chasiliva m'chikwama, Sipanala anachipukuta ndi malaya ake, anauzira pa kabowo, n'kuchimanga. ATayi anapapasa chitseko cha woyendetsa mwachizolowezi, anaima, kenako anazungulira kutsogolo kwa galimoto dzanja lili pa boneti, mpaka anapeza chitseko cha mbali inayo. Anavutika nacho pang'ono. Pa zaka zonsezo anali asanachitsegulepo kuti alowe iwo.

"Tipita kunyumba, ababa?" anafunsa mwana wawo atakhala kumbuyo ndi mayi ake.

"Ku chipatala cha maso amatseka nthawi yanji?" anafunsa aTayi.

"Tikapeza asanatseke," anayankha Mayi msangamsanga.

"Sindinafunse inu, akuba inu," anatero aTayi. Koma dzanja lawo linapita kumbuyo pakati pa mipando, likufufuza, mpaka Mayi analigwira.

Sipanala anapotokola kiyi, ndipo Dona analira.